Nyimbo Zinkatsika Sitima pa Nkaya

Ana anga, ndi inu anzanga amene imvi zakuyererani kale, mukamva dzina la Nkaya masiku ano mumaganiza za sitima zamalasha zochokera ku Moatize, zazitali mwakuti mutu ukamafika pamphambano mchira umakhala usanaoneke, zomwe zimangodutsa ulendo wa ku Nacala osapereka moni kwa aliyense. Ife amene tinakulira m'mphepete mwa njanjiyi timakumbukira sitima ina, yoyenda mosathamanga, yoima pasiteshoni iliyonse, yomwe inkatsitsa anthu otopa ndi ulendo, ndipo m'masutikesi a anthuwo munkakhala nyimbo za maiko omwe sitinkawadziwa ndi pamapu pomwe. Nyimbo ilibe miyendo, ana anga. Kuti iwoloke malire pamafunika munthu woisenza, ndipo lero ndikufuna ndikukumbutseni za anthu ndi zinthu zomwe zinkasenza nyimbo kubwera nazo kuno, n'kusenzanso zathu kupita nazo kutali.

Njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka inafika ku Salima mu 1935, koma Nkaya inasanduka mphambano yeniyeni mu 1970, pamene anatsegula njanji yokhotera kum'mawa, kuwoloka Shire pa Liwonde, kudutsa m'Machinga mpaka ku Nayuchi, kenako kulowa m'Mozambique. Dera lathu ndi lotentha, la milambe ndi minda ya thonje, ndipo mwezi wa Okutobala chitsulo cha njanji chinkawotcha mwakuti mwana wopanda nsapato ankachilumpha mothamanga. Sitima ikamayandikira, pasiteshoni pankamveka fungo losakanikirana lomwe mphuno yanga sinaliiwale: utsi wa injini, girizi wotentha, matemba ouma a ku Chilwa, zitumbuwa zongochoka mumafuta, chimanga chootcha, ndi thobwa la m'zidebe zovindikira ndi nsalu. Amayi ankathamangira kumawindo atasenza malichero, ife ana maso ali pamakomo a mabogi, kudikira kuona amene watsika lero ndi chimene wanyamula.

Oyamba kutisenzera nyimbo anali abale athu omwe ankapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Salisbury, ena pa Wenela, ena pa Mthandizi, ena paokha wapansi. Munthu wotere akabwera, mudzi wonse unkadziwa, chifukwa chipewa chake, jekete lake ndi kayendedwe kake zinkalankhula asanatsegule pakamwa. Malume anga atabwera, m'bokosi lawo lachitsulo munali bulangete, nsalu za agogo ndi galamafoni, ndipo mwa zonsezi chomwe chinasonkhanitsa anthu pabwalo chinali galamafoniyo. Ankaipukusa ndi dzanja, n'kuika singano mosamala pambale yakuda yolemera, yomwe ikangogwa pansi inkasweka osachiritsika, ndiye mwana sankaloledwa kuikhudza ngakhale ndi chala. Poyamba pankamveka kokoto wa singano, kenako chitoliro cha kwela cha Spokes Mashiyane, ndipo pakati pa mbale za ku Joni zija pankapezekanso ina ya mzungu wa ku America wotchedwa Elvis Presley, kapena ya Cliff Richard wa ku Mangalande. Umu ndi mmene rock inafikira kwathu, itakulungidwa m'bulangete pofuna kuti isasweke panjira. Akuluakulu sananame ponena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Wachiwiri kusenza nyimbo anali wailesi. Achikulire kuposa ine ankasimba za kawailesi kobiriwira ngati thambo, kopangidwa mofanana ndi sefuliya, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1949 pamtengo wa mapaundi 5, kuti anthu akuda a m'maiko atatu, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, azimvera siteshoni ya ku Lusaka. Kumeneko n'komwe kunkachokera mawu a Alick Nkhata, woulutsa mawu amenenso anali katswiri pagitala, ndipo makolo athu ankadabwa kumva Chinyanja chikutuluka m'chitsulo. MBC itayamba mu 1964 tinayamba kumva athuathu, a Morson Phuka ndi Jazz Giants, kenako MBC Band. Koma anyamata ofuna zachilendo ankadikira usiku, akulu atagona, n'kupotoza kabatani pang'onopang'ono mpaka apeze LM Radio, yomwe inkaulutsa kuchokera ku Lourenço Marques, mzinda womwe lero mumautcha Maputo. Siteshoni imeneyi ndiyo inkadyetsa chigawo chonse chakumwera kwa Africa nyimbo za The Beatles, The Rolling Stones ndi anzawo, kufikira mu 1975, chaka chomwe Mozambique inalandira ufulu, pamene inatsekedwa.

Musaganize kuti kumvera wailesi kunali kophweka ngati lero. Waya tinkaukweza pamtengo kapena pansungwi yaitali, mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko usiku umodzi wina, ndipo mawu ankabwera n'kumapita, nthawi zina nyimbo ili pakati n'kumira m'phokoso, kudzatulukiranso itatsala pang'ono kutha. Nyimbo ukaimva lero sunkadziwa ngati udzaimvanso, choncho tinkamvera ndi thupi lonse, wina kusunga mayambidwe, wina kusunga polowera gitala, wina kusunga kagundidwe ka ng'oma, kuti mawa kubusa tikalumikize zidutswazo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Magitala athu anali a galoni ya mafuta, mpini wosema ndi chikwanje, nsambo za waya wa buleki ya njinga, ng'oma za chikopa cha mbuzi, ndi tizitsekerero ta mabotolo totungidwa pawaya kuti tiziwayaza. Chingerezi cha oimba aja chinkatipita pambali, ndiye tinkaikamo mawu athu, a Chichewa ndi a Chiyao, ndipo posakhalitsa kagundidwe ka beni ndi manganje kankalowerera mosaitanidwa. Pomafika kumapeto kwa mwezi, nyimbo ya ku Liverpool inkakhala itasanduka ya kwa Nkaya, mwini wake akanaimva sakanaizindikira.

Zipata sizinali zotsegula nthawi zonse. Mu 1968 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo mu 1973 linabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala masiketi aafupi ndi mathalauza. Mnyamata wosunga tsitsi lalitali potsanzira oimba a rock ankakumana ndi lumo, ndipo ngakhale alendo otsika ndege pa Chileka ankametedwa asanalowe m'dziko. Nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa cha dzina lokha, poti linali la Mama Kadzamira. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi, ndipo Kamuzu anaimitsa ulendo wa ku Joni, njira ya mabokosi achitsulo ija n'kuphwa. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inakula, m'zaka za m'ma 1980 njanji ya ku Nacala inakhala chete kwa nthawi yaitali, ndipo m'malo mwa katundu tinkalandira abale othawa nkhondo. Komabe madzi saiwala khwawa. Othawa nkhondowo anabwera ndi nyimbo zawo, madalaivala a malole anabwera ndi makaseti, ndipo chomwe chinaletsedwa masana chinkamveka usiku chitseko chili chotseka.

Anzathu a ku Zambia ndiwo anaigwira rock ndi manja awiri. Kumeneko ndalama za mkuwa zinkayenda, anyamata a ku Kitwe, Ndola ndi Lusaka ankatha kupeza magitala amagetsi, ndipo Kenneth Kaunda, amene naye ankakonda kukhwacha gitala, analamula kuti nyimbo zambiri zomveka pawailesi zikhale za m'dziko momwemo. Mpamene kunabuka magulu monga Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz, ndi WITCH ya Emmanuel Jagari Chanda, yomwe inatulutsa chimbale cha Lazy Bones mu 1975. Koma amene anatifika pamtima ife a kuno anali Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, chifukwa gitala yake inkalira mwaukali ngati ya Jimi Hendrix, mpaka kuiimba ndi mano, pamene mawu ake anali a Chinyanja chomwe tinkachimva popanda womasulira, ndipo nkhani zake zinali za m'makomboni, za mabanja ndi za umphawi. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ndi kampani ya Teal ndiwo ankatulutsa mbalezi, zina zitajambulidwa ku Nairobi, ndipo zinkatipeza kudzera ku Chipata ndi Mchinji m'zikwama za anthu oyenda.

Mtengo wa mkuwa utagwa zinthu zinathina, makonsati ausiku anachepa, ndipo matenda a Edzi anadzatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari Chanda anatsala yekha mwa oyambitsa WITCH, nakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala yamtengo wapatali kutchire. Aliyense akanati nkhani yathera pomwepo. Koma mbale zakale zija zinatsala m'nyumba za anthu, zokandikakandika, mpaka osonkhanitsa nyimbo akunja anazitola, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuzitulutsanso. Mu 2019 kunatuluka filimu yosimba za WITCH, Jagari anabwerera pansanja ali nkhalamba n'kukaimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Mu 2024 woimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977 n'kuchiika m'nyimbo yake, mwakuti achinyamata a m'maiko akutali anamva Chinyanja cha munthu amene panthawiyo anali atagona m'manda zaka 35. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Kuno kwathu, oyamba kutionetsa kuti nyimbo za m'mudzi zingakwere ndege anali Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka. Iwowa anaphunzira kwela ali ana ku Salisbury komwe bambo awo ankagwira ntchito, atabwerera kuno n'kumaimba m'misewu ya Blantyre, Daniel pagitala, Donald pachitoliro chomwe ankachilowetsa m'kamwa mopendeketsa kuti chilire mokhuthala, wina akugunda besi ya chingwe chimodzi. Ankaimba sinjonjo, twisiti ndi simanjemanje, zonse zitapsa ndi moto wa kwawo. Mu 1967 anakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, amene anaima, n'kumvetsera, n'kuwajambula, ndipo mu 1972 anyamata a kwa Singano anakaimba mpaka ku Ulaya. Daniel anatisiya mu 1987, koma Donald anapitiriza kuyenda m'maiko, mpaka mu 1999 anakaphunzitsa ophunzira a payunivesite ya UCLA ku America. Taonani ulendo wa nyimbo imeneyo, ana anga: inachoka ku Joni, inagona ku Salisbury, inakulira ku Chileka, n'kukafika ku Vienna, ndipo paliponse pamene inawoloka malire panali munthu woigwira dzanja.

Ife a m'boma la Balaka tili ndi chonyadira chathu. Mu 1978, pa parishi ya Balaka, Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, pamodzi ndi Paul Banda ndi achinyamata ena anayambitsa Alleluya Band. Anayamba ndi zochepa, koma m'gulu limeneli munadutsa Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Paul Subiri, Rod Valamanja ndi ena ambiri, ndipo situdiyo ya Paul Banda ya Imbirani Yahwe inasandutsa tauni yafumbi ija likulu la nyimbo m'dziko muno. Kamvekedwe kawo kanatenga za reggae ya ku Jamaica ndi za kutchalitchi, koma aliyense akangomva kiyibodi ndi besi yake ankati iyi ndi ya ku Balaka. Chifukwa cha ubale wa Bambo Mario ndi anthu akwawo, Alleluya yakhala ikupita ku Italy kobwerezabwereza, kukaimba m'mabwalo ndi m'maparishi pamaso pa anthu osamva Chichewa. Lucius anakajambula chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1997 anayambitsa Zembani Band. Mutu umodzi susenza denga. Panafunika wansembe, mkulu wake Paul, ojambula ndi ogulitsa kuti Lucius, mwana wa m'mudzi wa Sosola, amveke kunja.

Imeneyo inali nyengo ya kaseti, ndipo ndimaikumbukira mwachikondi. Oimba ankapita ndi nyimbo zawo kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kumwazikira m'misika, m'mabasi ndi m'magolosale. Kaseti inali yopepuka, yosasweka msanga ngati mbale, yokwana m'thumba la malaya, ndiye inkawoloka malire mosavuta: kupita ku Cuamba ndi Lichinga ndi ogulitsa nsomba, ku Tete ndi Harare ndi madalaivala, ku Johannesburg ndi anyamata okafuna maganyu. Tepi ikatafunidwa ndi wailesi tinkaikoka mosamala n'kuikulunga ndi bolopeni, ikaduka tinkailumikiza ndi utomoni kapena polishi wa zikhadabo, ndipo pamalo olumikizapo nyimbo inkadumpha pang'ono, ife n'kuzolowera kudumphako mpaka kumakuimba. Mmalawi wa ku Joni akalandira kaseti ya ku Balaka ankaitana anzake onse Lamlungu, naphika nsima, ndipo anansi ake a mitundu ina ankamvera nawo pakhoma. Zoona, okopera mwakuba analipo, n'chifukwa chake bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992, koma ngakhale kaseti yokopera inkadutsa m'manja mwa munthu amene anaikonda.

M'zaka zapafupizi njira zina zatseguka. Chikondwerero cha Lake of Stars chinayamba kubweretsa oimba akunja m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo mu 2011 gulu la rock la ku Oxford lotchedwa Foals linaimba ku Mangochi. Lucius naye anayambitsa Sand Music Festival mu 2010, n'kuitana akatswiri ngati Busy Signal wa ku Jamaica ndi Diamond Platnumz wa ku Tanzania. Esau Mwamwaya ankagulitsa katundu wakale m'kasitolo ku London pamene anakumana ndi okonza nyimbo a ku Ulaya omwe anapanga nawo gulu la The Very Best, ndipo mu 2016 mawu a gululi anamveka pachimbale cha Johannesburg pamodzi ndi Mumford & Sons. Anyamata ogulitsa mbewa m'mphepete mwa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe anamvedwa ndi Ian Brennan wa ku America, ndipo mu 2013 a Malawi Mouse Boys anakaimba ku WOMAD ku Mangalande. A Madalitso Band, omwe ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, anakafika ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kuchokera apo Ulaya yense anawatsegulira zitseko.

Lero inu adzukulu muli ndi zonse m'manja. Mnyamata wa kwa Nkaya akagula bandulo amamva nyimbo yotuluka ku Seoul kapena ku Lagos tsiku lomwelo, ndipo yake akhoza kuiika pa YouTube kapena kuitumiza pa WhatsApp kwa mlongo wake wa ku Cape Town nsima isanapse. Sindikudandaula nazo, ndi mwayi womwe ife sitinaulote n'komwe. Chomwe chimandimvetsa chisoni pang'ono n'chakuti ndimakuonani mukudumpha nyimbo isanafike pakati, chala chili pagalasi, makutu mutatseka ndi timawaya, aliyense yekhayekha, pamene ife nyimbo imodzi inkasonkhanitsa mudzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndiponso musanyengeke kuti intaneti yafafaniza malire. Nyimbo zoikidwa pamenepo tsiku lililonse n'zosawerengeka, ndipo kuti yanu imveke pamafunikabe wina woitola n'kuuza mnzake, wokonza chikondwerero woti akuitaneni, wokulemberani kalata yopezera viza, ndi wokulipirirani tikiti ya ndege. Zipangizo zasintha, koma osenza nyimbo akadali anthu.

Mukawaonetsetsa onse amene ndawatchulawa mupeza kuti anafanana pa chinthu chimodzi. Anamvera zakunja mwakhama, ena mpaka kuba tulo chifukwa cha LM Radio, koma pokaimirira pamaso pa alendo anatulutsa zakwawo. A ku Ulaya ali nawo kale oimba ngati The Rolling Stones, sangalipire ndege kuti adzamve wowatsanzira. Chomwe anatolera mbale za Paul Ngozi ndi Chinyanja chake ndi ukali wa m'komboni, chomwe anaimira Kubik mumsewu ndi chitoliro chopendekeka cha Donald, chomwe amaimirira m'mabwalo a ku Italy ndi kagundidwe ka ku Balaka. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Lucius Banda anatisiya pa 30 Juni 2024 ali kuchipatala ku South Africa, ndipo anamulira anthu a ku Chipata, a ku Tete ndi a ku Joni, chifukwa moyo wake wonse anaimba zimene anthu a kuno ankazimva m'mitima koma osatha kuzinena.

Tsono inu amene muli ndi luso, mverani za maiko onse monga tinkachitira ife, koma mupitenso kwa agogo anu akuphunzitseni kagundidwe ka beni, manganje ndi tchopa akadali ndi mphamvu zoombera m'manja. Makaseti ndi mbale zomwe zili m'mabokosi a makolo anu musazitaye kudzala. Zipukuteni, zisungeni pouma, ndipo wodziwa makompyuta azikopere bwino, chifukwa za ku Zambia zinapulumuka motero. Nyimbo zanu kazilembetseni ku COSOMA kuti thukuta lanu lisadyedwe ndi ena. Ndipo mlendo akaima kuti akumvereni, kaya pamsika kaya pamsewu, muimbireni ndi mtima wonse, m'chilankhulo chomwe munayamwira.